Nsapato Zimene Zinatsala ku Kaledoniya

Lachitatu, pa 17 Seputembala 1952, Swaibu Sadiki, mlimi wa thonje wa m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi, anagona mu Hotela ya Kaledoniya pakati pa tauni ya Blantyre. Mmawa wake anatulukamo wopanda nsapato. Eni hotelayo anakana zonse ziwiri: kuti anagonamo, ndi kuti anali ndi nsapato. Pa mfundo yachiwiriyi sananame kwenikweni, pakuti nsapatozo sizinali zake.

Nkhani inayambira ku jinale ya ku Balaka, kumene amachotsa njere m'thonje. Chaka chimenecho kunafika mzungu wa ku Mangalande, Bwana Hatile, wotumidwa ndi eni mafakitale a nsalu kuti adzaone kumene thonje lawo limachokera. Anali munthu wamtima wabwino, ndipo mtima wabwinowo unasautsa anthu ambiri. Atamuonetsa mabelo, sikelo ndi makina, iye anati akufuna kudya patebulo limodzi ndi mlimi weniweni, ku hotela imene iye ankafikira, ndipo mlimiyo agone komweko ngati mlendo wake. Bwana wa jinale anayesa kumufotokozera kuti kuno zinthu siziyenda choncho. Bwana Hatile anafunsa chifukwa chake, cholembera chili kale m'manja. Chifukwacho chinasowa.

Anasankha Swaibu popeza thonje lake linali loyera, mano ake anali onse, ndipo Chingerezi chake sichinali chokwanira kunena zimene alimi ankanena za mtengo wa thonje.

Kwawo kwa Swaibu kunali kwa Kawinga, kufupi ndi Ntaja. Ku Rivirivi anabwera kudzakwatira Lukiya, nakhazikika pachikamwini. Atamva za ulendowo anatulutsa kanzu yake yoyera ya Lachisanu ndi kofia yofiira, nazianika pachingwe kuti mudzi wonse uzione. Lukiya, amene mlongo wake anagwirapo ntchito m'nyumba za azungu, anaziyang'ana kamodzi.

"Mukapita chonchi akakupatsani thireyi," anatero. "Operekera chakudya kumeneko amavala kanzu yoyera ndi kofia yofiira, ndendende izi. Kusiyana kwa mlendo ndi wantchito n'kumodzi basi: wantchito savala nsapato."

Swaibu analibe nsapato, ndipo anali asanazisowepo. Amene anali nazo anali msuweni wake Blasius, mwana wa amalume ake amene analowa Chikatolika kalekale. Blasius anali mphunzitsi pa sukulu ya mishoni, ndipo Mulungu anamupatsa mapazi amene sitolo iliyonse ya amwenye, kuyambira ku Balaka mpaka ku Zomba, inawakana. Nsapato zake zakuda zinachokera ku Joni, mbale wake wa kumigodi atapita ndi chingwe choyezera phazi. Zinkakhala zokutidwa m'nsalu, zopachikidwa kudenga kuopa chiswe, kudikira Loweruka la pa 20 Seputembala, tsiku limene Blasius ankakwatira Scholastica. Amayi ake a mtsikanayo, amayi Janet, anali atanena pamaso pa ankhoswe kuti mwana wawo, wophunzira kusoka kwa asisitere, sadzaima kuguwa ndi mwamuna wotambasula zala zakumapazi ngati bakha. Mawu amenewa anawabwereza m'misika iwiri, kotero kuti sakanathanso kuwabweza.

Swaibu anamupeza Blasius akulemba mizere pabolodi, ana atapita.

"Ndamva," anatero Blasius asanatembenuke. "Azungu asowa wowaseketsa mpaka kudzatenga iwe."

"Ankafuna mphunzitsi, koma anamva kuti mapazi ake sangalowe m'sitima."

"Mapazi omwewo ndi amene wadzawapempha nsapato."

"Ndadzapempha nsapato zokha. Mapaziwo khala nawo, ndiwe unawalakwira."

Umu ndi mmene ankayankhulirana kuyambira ali ana, monga amachitira asuweni. Pa maliro, pa msika, pamaso pa ansembe kapena pa shehe, mmodzi akaona mnzake ankayamba ndi chipongwe, moni pambuyo. Blasius anaseka, koma kenaka anaika choko pansi.

"Loweruka ndikukwatira, iwe wosadya nkhumba. Ukudziwa zimene ananena apongozi."

"Lachisanu nsapato zili pano."

"Zikapanda kubwera, amayi Janet ukawafotokozere wekha. Ine ndidzakhala nditawolokera kwa Apwitikizi."

Nsapatozo zinali zazikulu moti Swaibu akanatha kulowetsamo phazi ndi dzanja lomwe. Kutsogolo kwa iliyonse anafinyiramo thonje, la giredi yoyamba, mpaka zinagwira. M'sitima anazikoleka m'khosi. Anazivala atatsika pa siteshoni ya Blantyre, nayenda mokweza mawondo ngati munthu wowoloka dambo.

Hotela ya Kaledoniya inamangidwa nkhondo yoyamba ya Jeremani isanayambe, ndipo sinkalola munthu kuiwala zimenezo. Inali ndi khonde lalitali la mizati yoyera, masitepe ofiira opakidwa polishi, ndi mitu ya njati pakhoma yoyang'ana aliyense wolowa. Limba la m'chipinda chodyera linabwera pamitu ya amtengatenga kuchokera kumtsinje wa Shire, ndipo hotelayo inkanyadira ulendowo ngati inasenza yokha. Munagonapo abwanamkubwa, mabishopu, alenje a njovu ndi akuba a maina aulemu. Munthu wakuda anali asanagonemo. Anthu akuda ankangoimanga, kuisesa, kuiphikira ndi kuichapira.

Woyang'anira hotelayo antchito ankamutcha Bwana Iyayi, potengera yankho limene ankalidziwa bwino m'Chinyanja. Kwa Bwana Hatile analephera kulinena, chifukwa munthuyo ankadziwana ndi anyuzipepala a kwawo. Choncho anavomera, koma mwanjira yake. Swaibu analowera khomo la kukhitchini. Anamupatsa kachipinda ka kumapeto kwa kolido, kamene masiku onse ankasungiramo nsalu za pabedi. Anachotsamo mashelefu, naikamo bedi, kapeti ndi maluwa m'botolo, kuti Bwana Hatile akasuzumira akhutire. Anasuzumira, nakhutira. Sanaone kuti zitseko zina zonse zinali ndi nambala yamkuwa, koma chimenechi chinalibe.

Tebulo lawo analiika pakona, kuseri kwa akanjedza a m'miphika. Kuti akafikepo Swaibu anayenera kudutsa m'chipinda chonse chodyera, ndipo apa mawu a Lukiya anakwaniritsidwa. Dona wina wa chipewa chanthenga anakweza chala kuti amuitane. Maso ake anatsikira kumapazi, naona nsapato, ndipo chala chija chinapitiriza ulendo kukakanda m'tsitsi. Azungu ena onse anachita chimodzimodzi: kofia, kanzu, kenaka pansi. Nkhope yake palibe anaiyang'ana. Swaibu anazindikira kuti woitanidwa kuchakudyacho anali nsapato za Blasius, iye anangoziperekeza.

Anadya buledi, mbatata ndi nsomba. Nyama anaisiya, posadziwa amene anaizinga. Womasulira anali bwana wa jinale. Bwana Hatile anafunsa ngati alimi ali okhutira ndi mtengo wa thonje. Swaibu anayankha mwaulemu ndi mofatsa: anatchula za sikelo imene imapepukitsa thumba likangofika pamsika, za thonje loyera limene limasanduka giredi yachiwiri m'manja mwa wogula, za mbozi, za msonkho. Bwana wa jinale anamvetsera mpaka kumapeto, natembenukira kwa mlendo, nanena mawu osakwana kupuma kumodzi. Bwana Hatile anamwetulira kwambiri, nalemba, nagwira Swaibu dzanja kawiri. Swaibu anaganiza kuti Chingerezi n'chiyankhulo chosunga nthawi.

Atatha kudya anabwerera kuchipinda chake. Mu kolido anaona chinthu chimene chinamukhudza mtima. Pakhomo lililonse panali nsapato, ziwiriziwiri, zoikidwa bwino: zakuda, zofiirira, zazitali za alenje, zazing'ono za madona. Anaima kuziyang'ana. Kani anthuwa ulemu amaudziwa, anaganiza, amangoubisa masana. Iyenso sakanalowa ndi fumbi la mumsewu pa kapeti pamene ankafuna kuswalirapo. Anavula nsapato za Blasius, naziika pakhomo pake molunjika ngati za anzake, nalowa. Anaswali. Bedi analiyesa ndi dzanja, dzanja linamira, ndipo anaona kuti munthu wa msana umodzi sangagonepo. Anagona pakapeti.

Kutacha anatsegula chitseko. Pamakomo onse nsapato zinali pomwe zija, koma tsopano zikunyezimira ngati maso a mphaka. Pakhomo pake panali simenti yokha.

Anayang'ana kuseri kwa chitseko, pansi pa bedi, ngakhale m'botolo la maluwa. Kenaka anatuluka kukafunsa, atavala kanzu yoyera, kofia yofiira, mapazi ali pansi. Asanafike kumapeto kwa kolido, dona wa chipewa chanthenga uja anamupatsa thireyi ya makapu akuda. Ulendo uno chala sichinasochere. Swaibu ananyamula thireyiyo kupita nayo kukhitchini, popeza ankapita komweko.

Kuseri kwa khitchini, pansi pa mtengo wa mango, anapeza mkulu wina atakhala pakati pa maburashi ndi zitini za polishi. Anali che Usumani a ku Chikweo, opukuta nsapato pa hotelayo kuyambira ali ndi tsitsi lakuda. Anapatsana moni m'Chiyao, nafunsana za kwawo, za mvula ndi za amene anamwalira, ndipo atatha zonsezi Swaibu anafunsa za nsapato.

"Zakuda zija, zazikulu ngati mabwato?" anatero che Usumani. "Ndazipukuta bwino, achimwene, musadandaule. Chikopa chabwino chimenecho."

"Munazipukuta?"

"Nanga munaziikiranji panja? Muno woika nsapato pakhomo ndiye kuti akufuna polishi."

Swaibu anatsanzikana mumtima ndi ulemu wa azungu umene anaupeza dzulo lake.

"Ndiye zili kuti?"

"Apo ndiye pali nkhani. Ine ndikatola nsapato ndimalemba nambala ya chitseko kunsi kwake ndi choko, kuti mmawa ndibweze pakhomo pake. Chitseko chanu chilibe nambala. Nsapato yopanda nambala imapita ku ofesi, m'kabati ya zinthu zimene alendo aiwala. Ndi mwambo wa muno kuyambira nthawi ya bwana wakale."

"Koma munadziwa kuti n'zanga."

"Ndinadziwa."

"Nanga bwanji simunangozibweza?"

Che Usumani anapukuta burashi pabondo. "Dzulo Bwana Iyayi anatisonkhanitsa tonse, natiuza kuti inu muno mulibe. Ndikanabweza bwanji nsapato kwa munthu amene mulibe? Ine ndili ndi ana, achimwene."

Swaibu anafunsa za Bwana Hatile. Anali atanyamuka pagalimoto kupita ku Zomba pamodzi ndi bwana wa jinale, kukaona alimi ena okhutira.

Ofesi ya hotela inali ndi khomo la alendo ndi kawindo ka kumbali ka anthu obweretsa mazira ndi nkhuni. Munthu wopanda nsapato malo ake anali pakawindo. Atasuzumira anaziona nthawi yomweyo. Zinali m'kabati ya galasi, pashelefu ya pakati, kumanzere kwake ambulera, kumanja kwake mano oikirira a mzungu wina amene anachoka mofulumira mu 1949. Sizinawalepo chotero chichokereni ku Joni.

Bwana Iyayi anabwera pakawindo akupukuta pakamwa.

"Ufuna chiyani?"

"Nsapato izo, bwana."

"Nsapato za mlendo."

"Mlendoyo ndine, bwana. Ndinagona muno."

"Nambala ya chipinda?"

"Chilibe nambala."

"Chipinda chopanda nambala si cha alendo. N'cha nsalu."

Anaitana wantchito wokonza m'zipinda, namufunsa ngati bedi la m'chipinda cha nsalu linagonedwa. Wantchitoyo ananena zoona, kuti silinagonedwe. Bwana Iyayi anatambasula manja, monga munthu amene choonadi chamuthandiza mosayembekezera.

"Muli thonje m'kati mwake, bwana," anatero Swaibu. "Kutsogolo. Ndinaikamo ndine."

Bwana Iyayi anatsegula kabati, napisa zala mu nsapato imodzi, napeza thonje. Kenaka anatuluka nayo panja, naiika pansi pafupi ndi phazi la Swaibu. Phazilo linathera pakati pa ulendo.

"Waona? Si yako."

"Zoona, bwana. N'za msuweni wanga."

"Msuweni wako anagona muno?"

"Iyayi."

"Basi."

Anabweza thonje m'malo mwake mosamala, popeza hotela ya Kaledoniya sinkasokoneza katundu wa alendo. Anatseka kabati. Anaonjeza kuti nsapatozo zidzasungidwa bwino mpaka mwini wake atabwera, ndi kuti munthu wopanda nsapato amene akuumirira nsapato za m'kabati ya azungu, apolisi ali ndi dzina lake.

Tsiku lonse la Lachinayi Swaibu anazungulira masitolo a ku Blantyre, nayenda pansi mpaka ku Limbe, akutambasula manja kuonetsa kutalika kwa phazi la Blasius. Amwenye ena anaseka, ena anamufunsa ngati akufunira munthu kapena mvuu. Anagona kwa che Usumani, m'chipinda chimene chinalibenso nambala koma palibe anakana kuti anagonamo. Lachisanu anakwera sitima.

Blasius ankamudikira pa siteshoni ya Balaka. Anayang'ana kukhosi kwa Swaibu, kenaka m'manja, kenaka kumapazi, monga ankachitira azungu aja. Swaibu anafotokoza zonse mwadongosolo, osachotsa kanthu: kolido, choko, kabati, mano. Ankayembekezera chipongwe chachikulu, choti anthu a pa siteshoni adzachikumbukire. Anali atakonzeka kuchilandira.

"Zikomo, a Swaibu," anatero Blasius. "Mwayesetsa. Tsopano pitani mukawauze amayi Janet, monga tinapanganirana."

Chibadwire Blasius anali asanamutchulepo kuti a Swaibu. Mbama ikanakhala yopepuka.

Swaibu anawapeza amayi Janet pakhonde akusita diresi laukwati ndi simbi yamakala, amayi ena atatu akuwathandiza ndi maso. Swaibu anakhala pansi chapatali, navula kofia ngakhale sinali nthawi yake, nayambanso nkhani ija. Simbi inaima pamene anafika pa kabati.

"Kabati yotani?"

"Ya galasi, amayi."

"Yoonekera kunja?"

"Aliyense wolowa mu ofesi amaziona."

"Zili pamodzi ndi chiyani?"

"Ambulera, ndi mano a mzungu wina."

"Akuzipukuta?"

"Pali munthu wa ntchito imeneyo."

"Ndipo mzunguyo wanena kuti chiyani, mawu ake enieni?"

"Akuti n'za mlendo. Akuti sizingakhale zathu."

Amayi Janet anaika simbi pamwala. Nkhuku zinali zitaphedwa kale, thobwa litaphikidwa, abale a ku Ntcheu atafika ndi ana awo onse, ndipo ansembe anali atalengeza ukwatiwo Malamulungu atatu. Zonsezi zinadutsa pankhope pawo. Kenaka anatembenukira kwa amayi atatu aja.

"Mwamva? Nsapato za mkamwini wanga azungu azikaniza ku Kabula. Aziika m'galasi. Akuti zoterezi munthu wakuda sangakhale nazo. Ine ndinkanena kuti si nsapato wamba."

Pofika madzulo nkhaniyo inali itafika kumsika, ndipo kabati inali itakula kukhala chipinda. Loweruka, pa 20 Seputembala, Blasius anaima kuguwa mapazi ali pansi, atawadzoza mafuta a nsatsi. Tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Anthu ankasuzumira mapaziwo mwaulemu, monga amayang'anira malo amene pankakhala chinthu chotchuka. Amayi Janet anakhala kutsogolo, mutu uli m'mwamba. Palibe anatchula za bakha.

Swaibu anadikira kunja kwa tchalitchi. Akwati atatuluka anayandikira, nayesa mwayi wake.

"Mwakwatira ndithu, ndi makasu amenewa?"

"Zikomo pobwera, a Swaibu. Mupereke moni kwa amayi kunyumba."

Pa tchuthi cha Pasaka mu 1953 Blasius anapita yekha ku Blantyre. Bwana Iyayi anatulutsa nsapato imodzi, naiika pafupi ndi phazi lake, navomereza kuti ikukwana ndendende. Koma anamufunsa ngati anagonapo mu hotelayo, ndipo Blasius, munthu wophunzitsa katekisimu, sakanatha kunama. Mwini nsapato sanagonemo, wogonamo sanali mwini nsapato, ndiponso sanagonemo. Kabati inatsekedwa.

Bwana Hatile anatumiza chithunzi kuchokera ku Mangalande, chojambulidwa patebulo lija. Chinafikira ku jinale, ndipo anachipachika pamwamba pa sikelo. Chimaonetsa Swaibu kuyambira m'chiuno kupita kumutu, atavala kanzu ndi kofia, pambali pa azungu awiri. Alimi obwera kudzagulitsa thonje ankafunsa kuti woperekera chakudyayo anapalamula chiyani kuti amukhazike pansi.

Mu Ogasiti 1958 Swaibu anapitanso ku Blantyre, kuperekeza Lukiya kuchipatala cha maso. Anadzera kuseri kwa hotela, napeza che Usumani pansi pa mango womwe uja. Bwana Iyayi anali atapuma ntchito, kutabwera wina wamng'ono. Mano aja mwini wake anawaitanitsa, ambulera inadyedwa ndi njenjete. Nsapato zinali pomwepo. Che Usumani ankazitulutsa Lolemba lililonse kuzipaka polishi, thonje lili m'kati, ndipo woperekera chakudya aliyense watsopano ankamuonetsa, kumuuza kuti m'mbiri yonse ya hoteloyi palibe mlendo wakhalitsa ngati ameneyu.

Atabwerera ku Balaka, Swaibu anakauza Blasius zimenezi pakhomo la sukulu, akuganiza kuti mwina zimuseketsa. Blasius anamvetsera mpaka kumapeto, atavala nkhwaira za tayala. Pakamwa pake panagwedezeka pang'ono, kenaka panakhazikika.

"Mwachita bwino kundidziwitsa, a Swaibu."

Bwana watsopano wa hotela, atafunsidwa chaka chomwecho, anati nsapatozo zikudikira mwini wake.